Pulopela ikathyoka pa Kachulu, mutu umawawa ku Chiradzulu



Mukamva kuti nkhani ya injini ya boti yalembedwa ndi anthu a ku Chiradzulu mwina museka, ndipo sitikudandaulani. Kwathu kuno kulibe nyanja. Tili ndi phiri, minda ya chimanga ndi nandolo, tomato wa m'madimba, ndi timitsinje tomwe mwezi wa Okutobala mwana amawoloka osavula nsapato. Koma fikani pa Mbulumbuzi kapena pa Namadzi tsiku la msika muone matemba ali mbwee pa mabenchi, milamba yowamba ili tho m'madengu. Zambiri mwa nsombazi zimachokera ku nyanja ya Chilwa, kudzera ku Zomba. Nsomba zimakwera kumtunda, ndalama zimatsikira kunyanja. Alipo mabanja kuno amene anagulitsa nandolo, n'kuphatikiza ndi kangachepe kochokera kwa ana awo ku Joni, n'kugula injini yomwe ikugwira ntchito m'manja mwa m'bale wawo pa doko. Ife ndi amodzi mwa mabanja oterowo.

Yathu ndi Yamaha Enduro ya mahosi 40, yomangidwa pa boti lamatabwa la amalume athu. Botili limanyamula anthu, matumba a ufa, nkhuni, njinga ndi madengu a nsomba pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi. Tsiku lina madzulo foni inalira.

"Aphwanga, fani yatha. Tagunda chinthu pansi pa madzi, phiko limodzi laduka. Tafika pa doko ndi nkhafi."

Fani imene ankanenayo ndi pulopela, kachitsulo ka mapiko atatu kamene kamazungulira kumunsi kwa injini. Boti likaima, mabanja anayi sadya bwino, ndiye m'mawa mwake tinakwera minibasi pa Njuli kupita ku Limbe. M'sitolo ina munali mapulopela awiri olowa pa injini yathu. Wogulitsa anatola imodzi n'kunena kuti, "Bwana, tengani iyi ya 15. Nambala yaikulu, liwiro lalikulu. Anzanu azikuonerani kumsana." Tinalipira, tinaitumiza, ndipo tinagona tulo tokoma poganiza kuti tawachitira amalume chinthu chapamwamba.

Pasanathe sabata foni inaliranso. Boti likakhala lopanda kanthu, inde limathamanga. Koma likadzaza, injini imabuula ngati ng'ombe yokoka ngolo pamchenga, utsi uli tolotolo, mapulagi akuda bii, ndipo chigubu cha petulo chimene kale chinkakwana ulendo wopita ndi wobwerera chayamba kuthera panjira. Tinaganiza kuti injini yafa. Tinanyamuka Lachisanu m'bandakucha, ndipo titatuluka mu mzikiti masana, amalume anatitengera kwa makaniko wina wachikulire wa pa dokopo. Iye sanatsegule n'komwe injiniyo. Anangopempha pulopela yothyokayo, n'kupukuta matope ndi chala, n'kutionetsa manambala amene ife sitinawaonepo chigulireni injini: 11 5/8 x 11 - G. Kenako anatiwerengetsa a pa yatsopano ija: 11 x 15 - G.

"Achimwene," anatero, "mwamuveka mwana nsapato za bambo ake, ndiye mukudabwa kuti akupunthwa?"

Zimene manambalawa akunena

Pulopela iliyonse yolongosoka imakhala ndi manambala awiri, olembedwa m'mbali mwa thupi lake kapena mkati momwe mumalowa shafiti. Onse ndi a mainchi. Yoyamba ndi kukula kwa bwalo limene mapiko amajambula akamazungulira. Nambala imeneyi simungaisinthe kwambiri, chifukwa malo a pansi pa injini ndi ochepa. Mukaika yaikulu mopitirira, mapiko amagunda chitsulo chopyapyala chimene chili pamwamba pake.

Nambala yachiwiri ndiyo mwini nkhani. Amakaniko amati pitchi. Ife tingoti phazi la pulopela: mtunda umene ingayende ikazungulira kamodzi, zikanakhala kuti madzi ndi olimba ngati thabwa limene sikuluwu ikulowamo. Pitchi ya 11 ndi phazi la mainchi 11, pafupifupi masentimita 28. Ya 13 ndi masentimita 33. Ya 15 ndi masentimita 38. Phazi lalitali limatha mtunda msanga, koma limafuna mphamvu zambiri kuti uliponde.

Aliyense amene anapalasapo njinga ya magiya akudziwa kale zimenezi. Pa msewu wosalala, wopanda katundu, umaika giya yolimba ndipo umauluka. Koma mangirira matumba awiri a chimanga, uyambe chitunda ndi giya yomweyo: miyendo imakana, tcheni chimalira, mapeto ake umatsika n'kumakankha. Kusiyana kwake n'kwakuti injini ya boti ilibe magiya osinthasintha. Ili ndi kutsogolo, kumbuyo ndi pakati basi. Giya yake yeniyeni ndi pulopela, ndipo umaisankha kamodzi, uli kumtunda, m'sitolo.

Injini za Enduro za mahosi 15 ndi 40 zinapangidwa kuti mukatsegula moto wonse zizizungulira pakati pa maulendo 4,500 ndi 5,500 pa mphindi imodzi. Amakaniko amati marevu. Mukawonjezera pitchi ndi inchi imodzi, marevu amatsika ndi 150 kapena 200. Mukachepetsa inchi imodzi, amakwera chimodzimodzi. Ndiye onani zimene tinachita ife. Kuchoka pa 11 kufika pa 15 ndi mainchi anayi, kutanthauza kuti tinaibera injini marevu 600 mpaka 800. Boti lodzaza limene linkayenda injini ili pabwino linayamba kuikanikizira pansi pa malire amene anaipangira. Injini ikamakoka choncho, dzanja lili pa moto wonse koma marevu akukana kukwera, imamwa petulo wambiri pa mtunda wochepa, imaunjika mwaye mkati, imatentha mapisitoni, ndipo imakalamba isanakwane nthawi yake.

Wogulitsa uja sananame kwenikweni. Pa pepala masamu ake ndi oona. Giyabokosi ya injini ya mahosi 40 imachepetsa marevu ndi theka, ndiye injini ikazungulira ka 5,000 pulopela imazungulira ka 2,500. Ndi phazi la mainchi 15, umenewo ndi mtunda wopitirira makilomita 55 pa ola. Koma ndani anaonapo boti lamatabwa lodzaza ndi ufa ndi nkhuni likuyenda liwiro limenelo? Madzi si thabwa, amathawa. Boti lolemera silikwera pamwamba pa madzi ngati timaboti topepuka ta alendo ku Cape Maclear. Limalima madzi ngati khasu, ndipo limafuna mphamvu yokankha, osati phazi lalitali.

Tisapite mbali inayo mopitirira. Pitchi ikachepa kwambiri, injini imalira mokuwa, marevu amapitirira 5,500, boti silipita patali, ndipo zitsulo za mkati zimatha ndi kuthamanga kopanda katundu. Pa injini ya mahosi 40 mapulopela amene mumawapeza kawirikawiri ndi 11 5/8 x 11, 11 3/8 x 12, 11 1/8 x 13 ndi 11 x 15. Onani kuti pitchi ikamatsika, bwalo limakulirako pang'ono. Mapiko otambalala ndiwo amakankha katundu. Pa ya mahosi 15 mumapeza 9 1/4 x 8, 9 1/4 x 9, mpaka 11 ndi 12. Boti lamatabwa logwira ntchito malo ake ndi kumunsi kwa mndandandawu.

Inu a ku Mangochi, Makanjira, Senga Bay ndi Nkhotakota amene mumapita ku chilimira, nkhaniyi ndi yanunso. Popita madzulo boti limakhala ndi alovi, ukonde wouma ndi mabwato awiri. Pobwera m'mawa ukonde wanyowa, usipa wadzaza ngati mwachita mwayi, madzi alowa pansi, ndipo mwera ukhoza kukupezani musanaone gombe. Pulopela muisankhire ulendo wobwererawo. Imene imakusangalatsani potuluka pa doko anthu akuonerera si imene idzakukwezeni pa funde boti litalemera.

Kachilembo ka kumapeto ndi mano a mkati

Mwaona chilembo G chija. Pa mapulopela a Yamaha chilembochi chimanena banja la injini. J ndi ya mahosi 9.9 ndi 15, F ndi ya 25 ndi 30, G ndi ya 40 ndi zoyandikana nayo. Mkati mwa bowo muli mano amene amalumana ndi mano a shafiti: ya 15 ili ndi mano 8, ya 25 ndi 30 ili ndi 10, ya 40 ili ndi 13. Suzuki, Tohatsu ndi Mercury zili ndi mawerengero awoawo, ndipo ngakhale mano atafanana chiwerengero, kukula kwa thupi la pulopela, momwe mumatulukira utsi, kukhoza kusiyana. Injini za ku China monga Parsun ndi Hidea zambiri zimatengera kapangidwe ka Yamaha, komabe musalumbire, werengani mano.

Njira yachidule ndi imene ife sitinaitsate: nyamulani pulopela yakaleyo popita kogula. Ngati ili kutali, monga zinalili kwa ife, uzani wa kunyanja ajambule manambala ndi mano pa foni atumize pa WhatsApp. Zikanatitengera mphindi ziwiri.

Aluminiyamu kapena chitsulo chonyezimira

Apa tikhalitsepo, chifukwa nyanja ya Chilwa ili ndi khalidwe lakelake. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Zimene Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe yathiramo zimakhala momwemo mpaka dzuwa litamwa. Ndi yosaya, malo ambiri nsungwi imafika pansi. Pansipo ndi matope, m'mbali ndi njedza ndi mabango. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, inaphwa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pa dothi long'aluka pa Kachulu. Kenako mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy, yemwe kuno ku Chiradzulu anatisiyira maliro osaiwalika pamene mudzi wa Ntauchira unakokoloka, anaidzaza nyanjayi mpaka madzi analowa m'minda ndi m'nyumba za m'mbali mwake. Nyanja yoyenda chonchi ilibe njira yokhazikika. Pamene dzana panali munda, mpanda kapena khoma, lero pakudutsa boti, ndipo zitsa, mitengo ya miono ndi njerwa zili pansi zikudikira. Kufupi ndi Chisi kuli miyala.

M'madzi oterewa funso si lakuti kodi mudzagunda, koma kuti mukadzagunda chidzathyoke n'chiyani. Pulopela ya chitsulo chonyezimira chosachita dzimbiri ndi yolimba, mapiko ake ndi opyapyala, imadula madzi bwino, ndipo mchenga suidya msanga. Koma mtengo wake ndi wa mapulopela a aluminiyamu angapo, ndipo ikagunda mwala siigonja. Nkhonya yonse imapitirira kukafika pa shafiti ndi pa magiya. Shafiti yopindika kapena giyabokosi yosweka si ndalama ya sabata imodzi, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Ya aluminiyamu imapindika kapena kuduka phiko, n'kupulumutsa zodula zija. Tsiku limene amalume anagunda chinthu chija tinadandaula kuti pulopela inali yofooka. Makaniko anaseka: "Imeneyi yafera injini yanu. Muithokoze."

Maganizo athu ndi akuti pa Chilwa, pa Chiuta, pa Malombe ndi mu mtsinje wa Shire gulani ya aluminiyamu, ndipo ndalama yotsalayo mugule yachiwiri yosungira. Wa ku madzi akuya a nyanja ya Malawi, amene doko lake ndi lamchenga wokhawokha, akhoza kuganizira yonyezimira ngati thumba likulola.

Pali mapulopela otengera, otchipa, osalembedwa dzina la kampani. Ena ndi abwino ndithu, ena ndi chinyengo. Musanalipire, igonekeni pa tebulo losalala muone ngati mapiko onse atatu akwera mofanana. Lowetsani chala m'mano mumve ngati ndi osalala. Yang'anani pansi pa penti: mukaona mzere wotupa kapena malo opalidwa, imeneyo ndi yowotcherera imene yapakidwa utoto kuti ioneke yatsopano. Yowotcherera siiletsedwa, koma wogulitsa anene poyera kuti ndi yowotcherera, ndipo mtengo wake ukhale wa yowotcherera. Vuto lake n'lakuti phiko limodzi limalemera kuposa anzake, injini imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumadya mabering'i ndi masilo pang'onopang'ono. Isungeni ngati yofikira pa doko tsiku la tsoka, osati yogwirira ntchito tsiku ndi tsiku.

Pulopela yooneka yabwino koma yakufa

Pakati pa mano a mkati ndi thupi la pulopela pali labala yokanikizidwa mwamphamvu. Ntchito yake ndi kuterereka pamene mwagunda chinthu, kuti magiya asalandire nkhonya yonse. Ikaterereka kamodzi kapena kawiri, siigwiranso bwino. Chizindikiro chake n'chodabwitsa: pa moto wochepa boti limayenda, koma mukawonjezera, injini imakuwa ndipo boti limangoima ngati mwachotsa giya. Ambiri amathamangira kutsegula kabuleta kapena giyabokosi, kulipira makaniko pachabe. Yesani izi kaye. Jambulani mzere umodzi ndi msomali kapena penti kuchokera pa chitsulo cha pakati kufika pa thupi la pulopela, yendani pang'ono ndi moto wamphamvu, kenako yang'anani. Mzere ukaduka pawiri, labala yatha. Bwererani pang'onopang'ono, mukasinthe.

Kukuwa kotereku kumabweranso ngati njedza kapena udzu wakulunga mapiko, kapena ngati injini yamangidwa pamwamba kwambiri moti pulopela ikumeza mpweya. Chitsulo chopyapyala cha pamwamba pa pulopela chija chiyenera kukhala molingana ndi pansi pa boti kapena kutsikirako pang'ono. Pamalo osaya anthu amakonda kupendeketsa injini kuti isakhudze matope. Chitani, koma diso likhale pa kamadzi kamene injini imakodza kumbuyo. Kakasiya kutuluka, zimitsani msanga, chifukwa ndiye kuti timabowo tokokera madzi oziziritsa tatuluka pamwamba kapena tatsekeka ndi matope.

Mdani wina ndi ulusi. Nyanja zathu zadzaza ndi zidutswa za maukonde ndi twaini, makamaka maukonde opyapyala aja osaoneka m'madzi. Ulusi umalowa kuseri kwa pulopela, n'kudzikulunga pa shafiti, n'kutentha, n'kudula silo imene imatsekera oyilo wa m'giyabokosi. Kunja simuona kanthu. Mudzadziwa tsiku lotsitsa oyilo, atatuluka woyera ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti madzi analowa kalekale. Chotsani pulopela nthawi ndi nthawi, muchotse ulusi, mupake girisi pa mano a shafiti. Girisiyo ndi amene adzakulolani kuivula ndi manja tsiku lina pakati pa nyanja, m'malo moimenya ndi hamala.

Povula, ikani giya pakati ndipo chotsani zipewa za mapulagi, kuti injini isadzidzimuke dzanja lili pa mapiko. Pingani phiko ndi kathabwa, osati ndi phazi. Ikani zonse m'chipewa kapena m'beseni motsatana ndi mmene zatulukira: kapini kopinda, nati, washa, pulopela, ndipo kumapeto washa wokhuthala wa kumbuyo. Wokhuthalayu ndi amene anthu amamuiwala kapena kumugwetsera m'madzi, ndipo popanda iye pulopela imakadya thupi la giyabokosi. Kapini kopinda ikani katsopano. Msomali kapena waya wa njinga umachita dzimbiri n'kuduka, nati n'kumasuka, pulopela n'kupita pansi. Pa Chilwa mwina mungaifufuze ndi mapazi m'matope. Kutsogolo kwa Monkey Bay ndiye mwaiperekeratu.

Kuyesa popanda makina

Njira yotsimikizika ndi kakachipangizo kowerenga marevu, kamene waya wake amakulungidwa pa chingwe cha pulagi. Si kodula poyerekeza ndi injini, ndipo eni maboti a pa doko limodzi akhoza kusonkherana kamodzi n'kumabwerekana. Ngakhale komiti ya pa gombe ikhoza kukasunga. Dzazani boti monga mwa masiku onse, tsegulani moto wonse pa madzi odekha kwa kanthawi, werengani. Mukapeza pansi pa 4,500, tsitsani pitchi. Mukapitirira 5,500, kwezani. Pakati pakepo, kufupi ndi kumtunda boti litadzaza pang'ono, ndiye pabwino.

Ife tinalibe kachipangizoko, ndiye makaniko anatipatsa njira ya kumudzi. Ulendo womwewo, katundu wofanana, chigubu chomwecho cholembedwa mzere, ndi wotchi ya pa foni. Anatibwereka pulopela yakale ya 11 kuti tiyerekeze ndi yathu ya 15. Tinakwera nawo tokha ulendo wa ku Chisi, ife anthu a kumtunda titagwira m'mbali mwa boti ndi manja awiri, amayi ena a madengu akutiseka. Ndi ya 15, injini inkalira mawu okhuthala, otopa, ndipo kuwonjezera moto kuchokera pakati kufika kumapeto sikunkasintha kanthu, utsi wokha. Ndi ya 11 mawu anakwera n'kuyera, boti linanyamuka pa doko mosakakamira, dzanja likapotoza injini inkayankha nthawi yomweyo. Nthawi ya ulendo inali pafupifupi yomweyo. Petulo wotsala m'chigubu ndiye anatitsekera pakamwa.

Tinabwereranso ku Limbe, ulendo uno ndi pulopela yothyoka ija m'jumbo. Tinagula ya 11 5/8 x 11 - G, ndipo nandolo atagulidwa tinawonjezera yachiwiri, imene amalume amaisunga pansi pa mpando wa kumbuyo pamodzi ndi sipanala, pulayala, nati, washa ndi timapini tiwiri, zonse zomangidwa m'kathumba ndi chingwe kuti zisagwere m'madzi. Nyengo yotseka nyanja ikafika nthawi ya mvula, agwirizana ndi makaniko uja kuti adzatsitse oyilo wa m'giyabokosi aone ngati masabata aja a ya 15 ndi kugunda kuja sizinasiye chilema.

Ya 15 ija wogulitsa anakana kuilandira, akuti yalowa kale m'madzi. Ili pa msomali m'nyumba mwathu kuno ku Chiradzulu, pafupi ndi makasu. Ngati alipo mwa inu amene ali ndi boti lopepuka la faibala ndi injini ya mahosi 40, atumize uthenga kudzera kwa akonzi a kalatayi. Yagwira ntchito masiku osakwana khumi, ndipo mtengo tikambirana.